Wometa ndi Dzanja la Achimwene Ake

Nkhaniyi si yopeka, ndipo amene akukayika angopita akafunse. Mkazi wa wometa alipo, ndipo iye si munthu wothira mchere nkhani. Wokonza mafoni, amene shopu yake yagundizana khoma ndi yometeramo, alipo. Aliponso aphunzitsi ena opuma ntchito amene khutu lawo lakumanja lili ndi chipsera mpaka lero, ndipo safuna kuchondereredwa kuti akuonetseni. Anthuwa amasiyana pa tinthu ting'onoting'ono, koma pa za dzanja amanena chimodzi.

Wometayo anali ndi mkulu wake, makaniko wa malole, amene aliyense ankangomutchula kuti Manzere chifukwa ankadya, kulemba ndi kumenya ndi dzanja lamanzere. Awiriwa ankakondana, koma chikondi chake chinali cha phokoso. Ali ana, bambo awo anawagulira gemu yokhala ndi padi imodzi yokha, kachipangizo kaja kogwira m'manja kokhala ndi mabatani, ndipo atatopa ndi kuleretsa ndewu anagamula kuti azigwira onse awiri nthawi imodzi. Manzere anatenga mbali yamanzere, kumene kuli kandodo koyendetsera. Mng'ono wake anatenga mbali yamanja. Anakula, anamera ndevu, anakwatira, anagula makina atsopano, koma kusewera ankadziwa mwa njira imodzi basi: kukhala mogundizana mapewa pabenchi, padi ili pakati, aliyense chala chachikulu pambali yake, pakamwa posatseka.

Makinawo ankakhala mu shopu yometeramo, pansi pa tivi yopachikidwa pakhoma. Masana dzuwa likafika pamutu, makasitomala ankasowa, ndipo Manzere ankatulukira kuchokera kugalaja, ovololo ili bii, akununkha girisi ndi mankhwala opaka pachifuwa, poti chimfine sichinkamuchoka. Ankangokankha mng'ono wake ndi phewa n'kukhala.

Gemu imene inawazunguza mitu inali ya mapanga, malupanga ndi zilombo, ndipo iwo anasankha kukhala mbava yozembera, yogwira chida dzanja lililonse. Dzanja lamanzere la mbavayo linkamvera Manzere, lamanja linkamvera wometa. Mbavayo ikapambana nkhondo inkalandira mapointi, ndipo mwini wake ankasankha powaika, pa liwiro kapena pa mphamvu. Mkangano wonse unagona pamenepo.

Manzere ankafuna mipeni iwiri yopepuka yopaka poizoni, mapointi onse pa liwiro. Kucheka, kulumpha, kubwerera kudzachekanso, mdani azifooka yekha. Wometa ankafuna tinkhwangwa tiwiri, mapointi onse pa mphamvu. Kuzembera kumbuyo, kutema kamodzi pamsana, nkhani yatha.

"Mipeni yanuyo ndi yosendera mbatata, achimwene," wometa ankatero. "Mdani mukungomukanda ngati mphaka."

"Nkhwangwa yakoyo ukamaikweza, mdani amapita kukasamba n'kubwerako," Manzere ankayankha.

"Koma ikatera?"

"Imatera liti? Ine ndakalamba ndikudikira."

Popeza mbava inali imodzi ndipo palibe ankagonja, anagawana. Mpeni kumanzere, nkhwangwa kumanja, mapointi theka uku theka uku. Chimene chinatuluka ndi mbava yomvetsa chisoni, yosathamanga kwenikweni, yopandanso mphamvu kwenikweni. Wokonza mafoni, amene magemu amawadziwa, anawauza mwaulemu kuti njira zonse ziwirizo n'zabwino, cholakwika n'kuzisakaniza, angosankha imodzi. Tsiku limenelo abale awiri aja anagwirizana kwa nthawi yoyamba, ndipo anamuuza kuti abwerere ku mafoni ake.

Komabe anakwawa nayo mbava yawoyo mpaka pa mdani womaliza, chiphona chovala zitsulo chimene chinkalondera mlatho wopapatiza, pansi pake pali phompho. Pamenepo anakakamira. Miyezi inadutsa chiphona chikuwapondaponda masana alionse, iwo akulozana zala, mkazi wa wometa akubweretsa chakudya n'kubwerera nacho chitazizira.

Kenako Manzere anamwalira. Jeke inapulumuka iye ali pansi pa lole, m'mawa wa tsiku wamba.

Wometa analira mkulu wake kwambiri, ndipo kwa nthawi yaitali tivi ija sanaiyatse. Benchi ankaipewa ngakhale posesa. Koma munthu ndi munthu. Masana ena mu shopu mutangoti zii, anapukuta fumbi pa padi, anaigwira yekha ndi manja onse awiri, n'kuzindikira chinthu chochititsa manyazi: chala chake chamanzere sichinkadziwa kalikonse. Moyo wake wonse woyendetsa anali wina. Mbava inkagunda makoma ngati chidakwa. Movutikira anaifikitsa kwa wosula zitsulo wa m'gemumo, amene amalola munthu kusintha mapointi, ndipo anachita chimene mtima wake unkalakalaka kuyambira kale. Mapointi onse anawakokera pa mphamvu. Mpeni uja anauchotsa m'dzanja lamanzere, anauponya m'thumba la mbava, n'kuikamo nkhwangwa yachiwiri.

"Mundikhululukire achimwene," ananena mokweza, manyazi atamugwira pang'ono, "koma muona nokha."

Choyamba linali fungo. Mu shopu yometeramo mumanunkha sipiriti, pauda ndi tsitsi lopsa ndi mashini. Tsopano munalowa girisi. Pambuyo pake mankhwala a pachifuwa. Benchi inalira kuti kwee, mmene inkalirira munthu wolemera akakhala. Phewa lamanzere linapanikizika. Kuzizira kunatsika kuchokera pachigongono mpaka m'zala, ngati waviika mkono mu ndowa ya madzi a m'mawa.

Chala chachikulu chamanzere chinasuntha chokha.

Chinatsegula thumba la mbava. Chinachotsa nkhwangwa. Chinabwezera mpeni.

Mantha anabwera, inde, koma chimene chinafika msanga ndi mkwiyo. Wometa anayang'ana dzanja lakelo, anayang'ana tivi, n'kuti, "Aaa, ayi. Ayi, achimwene." Ndi chala chamanja anabwezera nkhwangwa. Chamanzere chinabwezera mpeni. Nkhwangwa. Mpeni. Mkazi wake atalowa ndi chakudya anapeza mwamuna wake ali kumapeto kwa benchi, atasiya malo a munthu mmodzi, thukuta lili kamukamu, akukalipira mpweya.

"Bambo, mukuyankhula ndi ndani?"

"Tseka chitseko."

Mayiyo anatseka, kenako anakweza mphuno. Ananong'ona: "Muli fungo la alamu muno."

"Ndawamva. Taona zimene akuchita."

Mayi uja anagwira dzanjalo n'kulisiya msanga. Akuti linali lozizira ngati chitsulo, pamene lamanja linali lotentha ndi thukuta. Anakhala pa mpando wometerapo, chakudya chili pamiyendo, ndipo mawu amene anatuluka sanali pemphero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumva za mipeni ndi nkhwangwa," anatero, "ndimati mwina imfa itipumitsa."

Zikanathera pa tivi, bwenzi ili nkhani yoseketsa pamowa. Koma wometa amadya ndi manja awiri. Lamanja limagwira mashini ndi lezala, lamanzere limagwira chipeso, limapinda khutu, limakoka khungu kuti lezala idutse bwino, limatembenuza mutu wa mwana wosakhazikika. Ana ake kunyumba ankadya kuchokera m'dzanja limenelo. Ndipo dzanjalo tsopano linali ndi nthawi yake. M'mawa linali lake, lomvera bwinobwino. Dzuwa likangofika pamutu, nthawi imene Manzere ankatulukira, fungo linkalowa, kuzizira kunkatsika, chala chachikulu n'kuyamba kukankha kandodo kosaoneka. Kaya pali kasitomala, kaya palibe, malemuwo analibe nazo ntchito. Ali moyo analinso chimodzimodzi.

Wometa anayesa kuchenjera. Tivi anaizimitsa, padi anaitsekera m'kabati, masana ankaika dzanja m'thumba n'kumameta ndi limodzi. Mitu inayamba kutuluka yokhota. Bambo wina anabwerera kudzafunsa ngati anamulakwira chiyani.

Ndiye kunabwera aphunzitsi aja, kasitomala wa zaka zambiri, munthu wofuna ndevu zake zichotsedwe ndi lezala basi. Anafika mochedwa tsiku limenelo. Wometa anayang'ana mthunzi pakhomo, anaona kuti wafupika, koma anachita manyazi kuwabweza. Anawapaka thovu, anapinda khutu ndi dzanja lamanzere, lezala ili pafupi.

Girisi.

"Dzanja lanu lazizira bwanji?" aphunzitsi anafunsa, maso ali chitsinzire.

"Musasunthe, aphunzitsi."

Sanasunthe. Chinasuntha ndi chala. Chinakankha khutu kutsogolo, molunjika pa lezala. Magazi anatsikira pa thovu loyera, pa nsalu, mpaka pa kolala. Aphunzitsi sanakuwe. Anangoyang'ana pagalasi, ndipo mpaka lero amalumbira kuti dzanja la wometa linali m'mwamba, chala chikuvinabe chokha, mwini wake akulikalipira kuti, "Mwaona? Mwaona zimene mwachita?"

Nkhani yotere siyenda pansi. Pofika kumapeto kwa sabata, mpando wometerapo unayamba kugwira fumbi, ndipo amuna a m'deralo ankadutsa tsidya lina la msewu, mitu yawo itametedwa kwina. Kuchipatala anamugogoda chigongono, anamubaya zala ndi kasingano, anamufunsa ngati amamwa mowa, n'kumupatsa mapiritsi. Anapitako m'mawa, choncho dzanja linali ndi khalidwe labwino ngati mwana pamaso pa alendo.

"Apatseni mpeni wawo," mkazi wake anatero madzulo ake, akumupaka mafuta mkonowo.

"Nkhani si mpeni. Akufunanso mapointi."

"Apatseni."

"Iwe sukumvetsa. Chiphona chija chavala zitsulo. Mpeni ungachite chiyani pa chitsulo?"

Mayiyo anasiya kupaka. "Bambo a ana anga, mukutsutsana ndi munthu amene tinamuika m'manda. Dzanja likupita. Mukufuna ana adzadye mapointi?"

Wokonza mafoni ndi amene anabweretsa maganizo ooneka anzeru. Ankamva zonse kudzera pakhoma, ndipo fungo lija analimvanso yekha tsiku limene anabwera kudzabwereka tsache. "Aneba," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana benchi, "mwina akuluwa chikuwasunga ndi chiphonacho. Munthu kufa atasiya ntchito pakati, mtima sukhala pansi. Malizani gemuyo. Akaona kuti yatha, akusiyirani dzanja lanu."

Wometa anagwira mawu amenewo ndi manja awiri, kapena tinene ndi limodzi limene linali lake. Masana otsatira anatseka shopu, anatulutsa padi, anakhala kumapeto kwa benchi n'kudikira. Benchi italira, anayankhula ngati munthu wokambirana za malire a munda.

"Chabwino, achimwene. Tiyesa zanu, kenako tiyesa zanga. Zimene zigwire ntchito, zomwezo."

Anayesa za malemu: mipeni iwiri, mapointi onse pa liwiro. Kunena zoona, mbava inasanduka ina. Inkalumpha, kugudubuzika, kudutsa pakati pa miyendo ya chiphona osakhudzidwa, ndipo wometa anaona luso la mkulu wake limene sankaliona kale chifukwa chotanganidwa ndi kulongolola. Koma mipeni inkangolira pa zitsulo kuti ngwe ngwe ngwe, poizoni osalowa. Anavina mpaka zala kutopa, kenako chibonga chimodzi cha chiphonacho chinawaphwanya.

"Mwaona? Kusenda mbatata," wometa anatero, ndipo mtima wake unakoma.

Anayesa zake: nkhwangwa ziwiri, mapointi onse pa mphamvu. Kutema kumodzi kumene kunatera kunagwedeza chiphona mpaka chinagwada, ndipo wometa anakuwa. Koma kunali kumodzi komweko. Mbava inali yolemera, inkatembenuka ngati ngolo, ndipo isanakwezenso nkhwangwa inali itafa kale. Chala chamanzere chinagogoda pa padi, pang'onopang'ono, mmene munthu amagogodera tebulo akamadikira kuti mnzake avomere kulakwa.

"Musandigogodere ine," wometa anatero. "Mwayendetsa dala moipa."

Masiku anapita chotero. Wamoyo akakokera mapointi uku, wakufa ankawakokera uko, mpaka onse awiri anabwerera pa chinthu chopusa chomwe chija: mpeni kumanzere, nkhwangwa kumanja, theka ndi theka. Ndipo dzanja linkaipiraipira. Kuzizira kunayamba kufika msanga n'kuchoka mochedwa. Tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inamupulumuka. Tsiku lina analephera kumanga mabatani a malaya, mpaka mkazi wake anachita kumumangira.

Koma panali chinthu chimodzi chatsopano. Mu shopu munali chete. Kale ankasewera akukuwa onse awiri, tsopano wokuwa anali mmodzi, ndipo naye ankatopa. M'kachetechete ameneyo wometa anamva kaphokoso kamene sanakamvepo: nkhwangwa ikatera pamsana pa chiphona, chitsulo chinkalira mosiyana, kuti kha, n'kung'aluka pang'ono. Mng'aluwo unkatsekeka msanga. Asananene kanthu, chala chamanzere chinali chitaona kale. Mbava inalumpha, mpeni unalowa pa mng'alu pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiphona chinasanduka chobiriwira ndi poizoni.

Wometa anakhala kukamwa yasa. Zaka zonse zija yankho linali m'manja mwawo, iwo ali kalikiliki kutukwanana. Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi phewa.

"Mawa timaliza," anauza mkazi wake. "Uitane aneba adzaone. Mawa dzanja langa libwerera."

Tsikulo kunagwa mvula kuyambira m'mawa. Chitseko chinali chotseka. Mkazi wa wometa anakhala pa mpando wometerapo, wokonza mafoni anaima pafupi ndi khomo, poti pa benchi anakana kuyandikira. Madzi ankadontha mu beseni pakona. Do. Do. Mu shopu munali mdima wa mitambo, kuwala kochokera pa tivi pokha.

Girisi. Mankhwala a pachifuwa. Benchi, kwee.

"Afika," mayi ananong'ona.

"Shh."

Mbava inakwera pa mlatho. Chiphona chinadzuka. Kunkamveka mvula padenga ndi kandodo ka padi, tiki tiki tiki. Mbava inazembera kumbuyo. Nkhwangwa, kha. Mpeni. Kubiriwira. Kulumpha. Chibonga chinaphonya. Anabwerezanso. Mzere wofiira wa moyo wa chiphona, pamwamba pa tivi, unayamba kufupika. Unafika theka. Unapitirira. Wokonza mafoni akuti mpweya wotuluka m'kamwa mwa wometa unkaoneka ngati utsi, chonsecho iye pakhomo ankachita thukuta.

Mzere unatsala ngati ulusi.

Chiphona chinagwada, msana uli poyera, poizoni akuchidya. Nkhwangwa imodzi ikanamaliza. Kudikira pang'ono, poizoni akanamaliza yekha. Wometa anaona zonse ziwiri, ndipo chala chake chamanja chinali kale pa batani. Moyo wake wonse ankafuna kutema kumeneku. Koma ankafunanso dzanja lake, ndipo ankamudziwa mkulu wake. Anachotsa chala pa batani n'kuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Malizani ndinu, achimwene," ananena motsitsa. "Poizoni wanu. Mwapambana."

Do. Do.

Chala chamanzere chinaima.

Kenako chinakokera kandodo kumbuyo.

Mbava inabwerera phazi limodzi. Linanso.

"Achimwene?"

Linanso. Chidendene chinafika m'mphepete mwa mlatho.

"Achimwene, ayi!"

Mbava inagwera m'phompho, manja ali tambalale, mpeni uku nkhwangwa uku. Tivi inada. Panatuluka mawu ofunsa ngati akufuna kuyambiranso nkhondoyo, ndipo wina asanapume, chala chamanzere chinali chitavomera kale. Mbava inaimanso kumayambiriro kwa mlatho. Chiphona chinadzuka, mzere wake uli wodzaza. Phewa la wometa linakankhidwa pang'ono, mwaubwenzi, mmene munthu amakankhira mnzake kuti tiye.

Apa wometa anamvetsa, ndipo kumvetsako kunamuwawa kuposa mantha. Mkulu wake sankafuna mpeni. Sankafuna mapointi, sankafuna kupambana. Ankafuna masana, benchi ndi mng'ono wake pambali, lero, mawa ndi mkuja, ndipo analibe nazo kanthu kuti dzanja limene akubwerekalo ndi la munthu wa ana.

"Ndinu odzikonda!" anakuwa, misozi ikutsika. "Kuyambira kale ndinu odzikonda! Ndakupatsani zonse, mukufunanso chiyani? Ine ndili moyo, achimwene! Ndili ndi ana! Ndimete ndi chiyani, mano?"

Kandodo kanangoti tiki tiki. Mbava inayamba kuyenda kulunjika chiphona.

Wometa anatembenukira kwa wokonza mafoni. "Aneba, katengeni padi yanu. Mufufute gemuyi."

"Zonse?"

"Zonse. Mbava, mapointi, mlatho. Pasatsale kanthu."

"Aneba, zikafufutika sizibwerera."

"Ndati fufutani!"

Wokonza mafoni anathamanga pamvula n'kubwera ndi padi ya ku shopu kwake. Atangoilumikiza, dzanja lamanzere linasiya padi ya abale aja n'kumulumphira. Mkazi wa wometa analigwira ndi manja onse awiri, analikanikizira pa benchi n'kuligonera ndi thupi lonse. Iye amaudziwa mkono wa mwamuna wake, mkono wogwira chipeso. Akuti umene anaugwira tsiku limenelo unali wina, wolimba ngati wa munthu womasula mabawuti a lole, ndipo unamunyamula kumuchotsa pa benchi.

"Alamu, pepani," ankangonena. "Alamu, tichitireni chifundo."

Tivi inafunsa ngati akutsimikiza. Wokonza mafoni anayang'ana wometa.

Dzanja linasiya kulimbana.

Mayi uja analimasula pang'onopang'ono. Linakwera lokha, mwaulesi, mpaka pamutu pa wometa. Linamusisita tsitsi mwankhanza pang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, mmene mkulu amachitira ndi mwana wamng'ono amene walira kokwanira. Linakhala pamenepo.

Wometa anatsinzina. "Dinani," anatero.

Wokonza mafoni anadina.

Benchi inalira, ulendo uno ngati munthu akunyamuka. Fungo la girisi linachepa, linachepa, mpaka munatsala sipiriti ndi pauda. Dzanja linatsetsereka kuchoka pamutu n'kugwera pa ntchafu. Mayi analigwira n'kuseka ndi misozi.

"Lafunda! Bambo, lafunda!"

Linalidi lofunda. Wometa analiyang'ana n'kuliuza kuti lifumbate. Silinafumbate. Analiuza kuti litambasule chala chimodzi chokha. Analitsina, analimenyetsa pa benchi, analiluma. Silinamve kanthu, ndipo silinamvenso kanthu kuchokera tsiku limenelo. Kuchipatala anati ndi mitsempha. Anamupatsa kampira koti azifinya, ndipo kampirako kali m'kabati.

Mu shopu muja mukumeta munthu wina tsopano. Wometa uja amasesa tsitsi, amapukuta galasi, amacheza ndi makasitomala, amene anabwerera atamva kuti lezala ili m'manja mwa wina. Aphunzitsi nawonso anabwerera. Za mkulu wake sakonda kuzikamba, ndipo wina akamufunsa ngati anachita bwino kufufuta, amayankha mokalipa kuti funso limenelo akafunse malemuwo.

Koma masana makasitomala akasowa, amayatsa tivi. Anayambitsa gemu ija kuchokera pachiyambi, mbava yatsopano, ndipo anaikonza motere: mipeni iwiri yopaka poizoni, mapointi onse pa liwiro. Amakhala kumapeto kwa benchi, amaika padi pa bondo, amanyamula dzanja lakufalo ndi lamanja n'kuligoneka pa kandodo. Mbava imaima pa geti la mudzi woyamba, ikupuma, mipeni ili m'manja. Popanda woyendetsa singapite kulikonse.

Wokonza mafoni amalumbira kuti tsiku lina, akudutsa pakhomo, anaona mbavayo ikuponya phazi limodzi. Mkazi wa wometa akuti iye anali momwemo ndipo sanaone kanthu, koma atafunsidwa za fungo anangoyang'ana kumbali. Wometa mwini wake sanatsutse, sanavomere. Amene amakhala naye pafupi amangomumva akung'ung'udza, maso ali pa tivi, mawu ake otopa ngati a munthu amene wadikira minibasi tsiku lonse:

"Mipeni yanu ndi imeneyo, achimwene. Nanga mukudikiranso chiyani?"